Nsalu ya Nkhope Ziwiri

Mu Ufumu wa Sitikangana anthu sakangana. Si kuti ndi oyera mtima kuposa a maiko ena ayi, koma mawu akuti mkangano anachotsedwa m'mabuku onse kalekale mwa lamulo la Mfumu Gonaninso Wachitatu. Anthu awiri akagwirana pakhosi pamsewu, apolisi amalemba kuti amakambirana moyandikana. Wina akagulula mnzake dzino, wailesi imalengeza kuti panali kusinthana maganizo.

Mfumuyo imakhala ku likulu la Khalapompo, koma ntchito yoyendetsa dziko inaisiyira pulezidenti, ndipo pulezidenti nthawi zonse amachokera m'chipani cha Tigwirane Manja. Zipani zina ziliko, koma zimangobwera kudzaonerera. Choncho amene wapambana chisankho cha chipulula m'chipanimo ndiye kuti watenga dziko lonse, ndipo chisankho chachikulu chija chimangokhala tsiku lopuma kuntchito.

Chaka chimene ndikunenachi pulezidenti anali atamaliza zaka zake, ndipo amuna awiri anaufuna mpandowo. Woyamba anali Bambo Ndinalipo, nkhalakale ya chipani, amene sankatha kupempha ngakhale madzi akumwa osakumbutsa anthu kuti tsiku loyambitsa chipani ndi iyeyo amene ananyamula mipando. Wachiwiri anali Dokotala Nthawiyanga, munthu wa masuti opanikiza ndi magalasi a m'maso, amene udokotala wake palibe ankadziwa kuti umachiza chiyani. Awiriwa ankakondana kwambiri. Ankakondana mpaka otsatira awo ankatumizirana miyala pamisonkhano, ndipo galimoto ya wina itapsa, mnzakeyo ndiye anali woyamba kutumiza uthenga wachipepeso. Ena amati uthengawo unafika moto usanayake.

Tsopano tisiye akuluakuluwa, tipite kumsika wa Tangomva, kumene kuli munthu amene nkhaniyi inamugwera.

Mayi Elube Nazimbiri ankagulitsa matimati pabenchi loyamba ukangolowa pageti, pansi pa malata, pamalo poti aliyense wolowa mumsika amayamba waona katundu wawo. Benchilo linali thabwa lalitali pa miyendo inayi, basi, koma linawadyetsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo panthawiyi linkadyetsa anthu asanu ndi awiri kunyumba kwawo. Maondo awo anali atatha ndi nyamakazi. Akanachotsedwa pabenchilo n'kuuzidwa kuti aziyenda ndi beseni pamutu m'misewu ngati atsikana ongoyamba geni, sakanafika patali, ndipo iwo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense.

Vuto lake n'lakuti mabenchi a ku Tangomva amagawa ndi chipani. Palibe pamene zinalembedwa, koma aliyense amadziwa kuti chisankho cha chipulula chikatha, mabenchi a amene anasapota wolephera amadzuka ali ndi eni ake atsopano. ANazimbiri anali atadutsa zisankho zitatu zotere osagwedezeka, chifukwa anali ndi luso. Ndi iwo amene ankatsogolera nyimbo za amayi a chipani, ndipo nyimbo zawo zonse zinalibe dzina la munthu. Ankangoimba kuti bambo wathu akubwera, bambo wathu ndi mmodzi, ndipo bambo aliyense wokhala pansanja ankagwedeza mutu podziwa kuti akunena iyeyo.

Miyala itachuluka m'misonkhano, Mfumu inaitanitsa bwalo la akuluakulu. Inakhala pampando wake, n'kutsinzina monga mwa chizolowezi chake, ndipo mlembi wamkulu wa chipani, Bambo Zonsenzabwino, anaimirira ndi mapepala.

“Mwini dziko,” anatero, “chipani chathu n'chogwirizana kwambiri, moti kugwirizanako kwagoneka anthu khumi ndi awiri m'chipatala. Tikufuna chinthu choonetsa umodzi umenewu popanda kuthyola munthu nthiti. Ine ndaganiza za nsalu. Nsalu imodzi, nkhope ziwiri. Mayi aliyense wa chipani avale atsogoleri athu onse awiri pamodzi.”

Bwalo linaomba m'manja, kenako linakambirana mokweza kwa masiku atatu. Anthu a Dokotala anati mutu wa Bambo Ndinalipo ndi waukulu mwachibadwa, choncho uchepetsedwe kuti mitu ifanane. Anthu a Bambo Ndinalipo anavomera, koma anati magalasi a Dokotala nawonso ndi kuwonjezera nkhope mwachinyengo. Anabweretsa tepi ya telala n'kuyeza mitu yonse iwiri pamaso pa mboni. Kenako panabuka nkhani ya malo. Palibe anafuna kukhala kumapeto kwa nsalu, poti kumapeto ndi kumene kumayamba kuthetheka. Palibenso anafuna kuyandikana ndi mnzake.

“Ndimam'konda mng'ono wangayu,” anatero Bambo Ndinalipo, “koma ndisamve mpweya wake.”

Potsiriza anagwirizana kuti pakati pa nkhope ziwirizo pakhale mtunda wa mkono umodzi wa Mfumu, kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Anauyeza Mfumu ili mtulo. Pakatipo anati pajambulidwe manja awiri ogwirana, ndi mawu akuti Ndife Amodzi.

Nsalu yoyamba itafika kuchokera kufakitale, anaiyala patebulo lalikulu la m'bwalo. Inali yokongola ndithu, yobiriwira ndi yachikasu, mitu iwiri yofanana ikumwetulira. Amuna makumi anayi anaizungulira, kuisisita, kuiyamikira. Mwa amuna onsewo panalibe ngakhale mmodzi amene anamangapo nsalu m'chiuno chibadwire, ndipo panalibe anaganiza zoitana mayi, ngakhale mayi wophika tiyi anali pakhonde pomwepo. Nsalu ya patebulo ndi ina, nsalu ya m'chiuno ndi inanso, koma zimenezi m'bwalo munalibe wozidziwa.

Lolemba m'mawa malole anafika ku Tangomva, ndipo mayi aliyense wa benchi analandira yake. ANazimbiri anaikutumula, kuizunguliza m'chiuno, n'kuimanga. Atayang'ana pansi anaona Bambo Ndinalipo akumwetulira pamimba pawo. Anadabwa kuti winayo wapita kuti.

Mayi Ketilina, a benchi loyandikana nalo, ogulitsa usipa, anawayang'ana kwa kanthawi.

“Anzanga, tatembenukani pang'ono.”

ANazimbiri anatembenuka. AKetilina anagwira pakamwa.

“Dokotala uja wapeza wodwala. Ali kuntchito kumbuyoku.”

ANazimbiri anamasula msangamsanga n'kumanganso mwa njira ina. Tsopano Dokotala anabwera pamimba, ndipo nkhalakale ya chipani inapita kumbina, chipewa chake chitatambasuka bwinobwino. Anayesa kachitatu, kachinayi. Nsaluyo inali itapangidwa mwaukatswiri woti ukalemekeza mmodzi, winayo um'khalire basi.

Pofika masana msika wonse unali utadziwa, ndipo pofika Lachiwiri amuna a mbali zonse ziwiri anali akuyendayenda kumbuyo kwa amayi ndi timabuku m'manja, akulemba kuti uje wakhalira uje. Mkulu wina wogulitsa makasu anadandaula kuti pa zaka makumi atatu za ukwati wake sanaonepo amuna ochuluka chotere akuyang'ana mkazi wake kumbuyo ali ndi nkhope zaukali ngati akuwerenga samani.

Bwalo linakhalanso pansi mwamsanga. Lamulo loyamba linatuluka Lachitatu: mayi aliyense wa chipani apitirize kuvala nsalu ya umodzi mpaka tsiku la chisankho, koma asakhale pansi ali chivalire. Lamulo lachiwiri linatuluka Lachinayi, munthu wina wanzeru atatulukira kuti nsaluyo itha kusendezedwa kuti nkhope ina ikhale m'chiuno cha kumanja, ina kumanzere. Mtendere umenewo unatha maola awiri okha, mpaka pamene Bambo Ndinalipo anafunsa kuti ndani akhale kumanzere, poti aliyense amadziwa ntchito imene dzanja lamanzere limagwira. Choncho Lachisanu kunatuluka lamulo lachitatu, lakuti atsogoleriwo azisinthana kumanja tsiku ndi tsiku. Masiku a sabata ndi asanu ndi awiri, sagawika pawiri, ndiye Lamulungu analidula pakati. Belu la masana likalira, mayi aliyense ankayenera kusendeza nsalu, ngakhale ali pakati pa pemphero.

Msika wa Tangomva unaima, ndipo ndikati unaima ndikunena kuimirira kwenikweni. Amayi mazana atatu ankagulitsa chiimirire kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Kasitomala wina atafunsa aKetilina chifukwa chimene usipa wakwerera mtengo, iwo anati, “Zonse zaimirira, bambo. Usipa ungakhale pansi wokha?”

ANazimbiri sankaseka nawo kwambiri. Maondo awo ankatupa, ndipo ankatsamira benchi ndi zigongono. Komabe sanakhale pansi ngakhale kamodzi, ndipo nsalu yawo inkakhala ndendende monga mwa lamulo la tsikulo. M'timabuku tonse tiwiri dzina lawo munalibe. Ankawerenga masiku otsala m'mutu, n'kumadziuza kuti munthu amene wapirira zisankho zitatu sangagonje ndi nsalu.

Sabata yachiwiri Bambo Zonsenzabwino anafika pabenchi pawo, atavala shati yosokedwa ndi nsalu yomweyo. Telala wake anali wochenjera, anaika nkhope ina pathumba, ina pathumba linzake.

“Mayi Nazimbiri, Loweruka kuli msonkhano waukulu wa umodzi ku Bwalo la Chimvano. Atsogoleri onse awiri adzakhala pansanja imodzi, ndipo Mwini dziko adzakhalaponso. Inu mudzakhala patsogolo pa amayi monga mwa nthawi zonse.”

“Zikomo bwana. Koma kuvina ndi nsalu imeneyi ndiye kovuta. Chiuno chikamayenda, nsalu nayo imayenda. Bwanji tsiku limenelo tingovala yakale ija?”

“Yakale ili ndi nkhope ya pulezidenti amene akuchoka. Mukufuna anthu anene kuti amayi a ku Tangomva akupempha teremu yachitatu?”

“Ndiye tiigwire ndi mapini kuti isasunthe.”

“Mapini taletsa dzulo. Kwinaku mayi wina anabaya pini padiso la Dokotala, ndipo m'mawa mwake Dokotala anadzuka diso likuyabwa. Nkhani ili m'manja mwa apolisi.”

Anatola tomato mmodzi, kum'pukuta pashati, n'kuyang'ana denga la malata, kenako geti.

“Malo abwino awa, mayi. Anthu ambiri amandifunsa za malo amenewa. Ine ndimawauza kuti mwini wake ndi munthu wa umodzi.”

Anapita ndi tomato uja. ANazimbiri anamva bwino lomwe zimene mlembiyo ankatanthauza.

Loweruka bwalo linadzaza. Otsatira a Bambo Ndinalipo anakhala kuvuma, a Dokotala kuzambwe, apolisi pakati. Pansanja atsogoleri awiriwo anakhala moyandikana, aliyense akuyang'ana mbali yake, ndipo pamwamba pawo Mfumu inali itatsinzina kale. Tsikulo kumanja kunali kwa Dokotala. Amayi mazana atatu analowa m'bwalo pamzere, nsalu zili m'malo mwake, aNazimbiri patsogolo.

Ng'oma zinayamba, ndipo aNazimbiri anakweza mawu awo aja amene sankafuna chimkuzamawu. Bambo wathu akubwera, bambo wathu ndi mmodzi. Amayi anayankha, fumbi linakwera. Kunena zoona, nyimbo ikawalowa aNazimbiri ankaiwala maondo, ankaiwala ndi chipani chomwe. Chiuno chinayamba ntchito yake, ndipo nsalu nayo inayamba ulendo.

Anthu a kuzambwe ndiwo anayamba kuona. Dokotala anali akuchoka kumanja pang'onopang'ono, kulowera kutsogolo. Anakuwa, kuimba malikhweru, kuponya zipewa m'mwamba. Ng'oma itasintha, amayi anazungulira mbali ina, ndipo Dokotala anayamba kubwerera, kudutsa kumanja, kulowera kumene sankafuna. Tsopano a kuvuma ndi amene anaimirira. Palibe ankamvanso nyimbo. Anthu zikwi makumi awiri anali maso pa chiuno cha mayi mmodzi wogulitsa matimati, ndipo mtolankhani wa wailesi anayamba kuulutsa mofulumira ngati akuulutsa mpira, kuti Dokotala ali kutsogolo, ayi wabwerera, Bambo Ndinalipo akubwera chakumanzere.

Phokoso limenelo ndi limene linadzutsa Mfumu. Inatsegula maso n'kuimirira. Mpaka lero anthu amatsutsana kuti inaimirira kuti ilankhule kapena inkangofuna kuwongola msana, koma woimba lipenga sanadikire kufunsa. Analiza.

Mu Ufumu wa Sitikangana muli mwambo wakale kuposa chipani, wakale kuposa msika. Lipenga likalira, Mfumu itaimirira, mayi aliyense amakhala pansi pomwe alipo. Wotsala chiimirire wanyoza Mwini dziko, ndipo amapitikitsidwa mu ufumu. Opanga malamulo a nsalu aja anali ataiwala zimenezi, chifukwa panali patatha zaka zambiri Mfumu isanaimirire pagulu.

Ng'oma zinaleka. Amayi mazana atatu anayang'ana aNazimbiri.

Iwo anayang'ana pamimba pawo n'kuona magalasi a Dokotala. Ndiye kuti Bambo Ndinalipo anali kumbuyo, akudikira. Akakhala pansi choncho, akhalira nkhalakale ya chipani pamaso pa dziko lonse. Akasendeza kaye nsalu, aliyense aona kuti asankha dala kukhalira Dokotala. Akapanda kukhala, ndiye kunja kwa ufumu. Anaganiza za benchi, za geti, za anthu asanu ndi awiri a kunyumba, ndipo maondo awo amene anali ataimirira masabata awiri anawauza kuti achite msanga.

Anachita zimene mayi aliyense amachita akafuna kukhala pafumbi atavala diresi labwino m'kati. Anamasula nsalu, kuikutumula, kuiyala pansi bwinobwino, n'kukhala pakati penipeni. Lamulo linkaletsa kukhala pansi uli chivalire, ndipo iwo anali atavula. ANazimbiri Mulungu sanawamane thupi. Mkono umodzi wa Mfumu unali mtunda wochepa kwa iwo, moti atsogoleri onse awiri anasowa nthawi imodzi, wina mbali iyi, wina mbali inayo, mofanana ndendende.

Amayi onse anachita chimodzimodzi. Owonda ankakhalira mmodzi n'kuwongolera miyendo pa winayo, kuti pasakhale kukondera.

Mfumu inayang'ana bwalo lonse lili zii, amayi atakhala mwaulemu m'mizere yawo. “Ndaona umodzi,” inatero, n'kukhala pansi.

Pansanja amuna awiri anadzambatuka nthawi imodzi, kuloza chala malo amodzi, n'kunena mawu amodzi. “Chipongwe!” Kanali koyamba m'miyezi isanu ndi itatu kuti agwirizane pa chinthu, ndipo ojambula zithunzi sanachedwe. M'mawa mwake nyuzi inatuluka ndi chithunzicho, pansi pake atalemba kuti atsogoleri athu aloza tsogolo limodzi.

Lolemba kalata inafika kumsika, yosainidwa ndi onse awiri papepala limodzi. Inati Mayi Elube Nazimbiri, chifukwa chogawanitsa chipani pokhalira atsogoleri ake onse, aletsedwa kuvala nsalu ya umodzi, ndipo benchi lawo lilandidwa n'kupatsidwa mayi wokhulupirika. Amayi enawo anakhululukidwa, poti anangotsatira.

Koma mayi wokhulupirikayo ndi uti? Bambo Ndinalipo anali naye wake, mlamu wa dalaivala wake. Dokotala analinso ndi wake, mayi amene ankam'gwirira ambulera pamisonkhano. Amayi awiriwo anafika m'mawa womwewo, aliyense ndi dengu lake ndi anthu ake, ndipo panali kusinthana maganizo kwakukulu mpaka kabichi anauluka. Bambo Zonsenzabwino anathamangira kubwalo, ndipo bwalo linakhazikitsa komiti yoona za benchi. Podikira lipoti la komitiyo, linati benchi lisakhale lopanda munthu, choncho lisungidwe ndi amene analipo kale.

Masabata atatu otsatirawo anali okoma kuposa onse amene aNazimbiri anakhalapo pamsikapo. Popeza anali oletsedwa kuvala nsalu ija, anali mayi yekhayo mu Tangomva wololedwa kukhala pansi. Ankakhala pampando wawo, miyendo atawongola, anzawo onse ali chiimirire. Anthu ankachokera kutali kudzagula matimati kwa mayi amene anakhalira awiri, ndipo dengu linkatha dzuwa lisanafike pamutu.

“Chilango chanu ndikuchisirira, anzanga,” anatero aKetilina, akusinthanitsa miyendo. “Mwamva za lero? Atukwanananso pawailesi. Wina akuti mnzake ndi fupa lakale, winayo akuti udokotala uja anagula pamodzi ndi magalasi.”

“Mulungu ndi wabwino,” anatero aNazimbiri. “Awapatse moyo wautali onse awiri, ndipo asamvane.”

Ankanena moseka, koma linali pemphero lenileni. Anali atazindikira kuti benchi lawo laima pa udani wa amuna awiriwo, ndipo udaniwo unkaoneka wolimba kuposa miyendo inayi ya benchilo. M'mawa uliwonse ankafunsa za nkhani asanayale n'komwe matimati. Akamva kuti kwinakwake msonkhano wathera m'miyala, ankapuma bwino. Manyazi ankawagwira pang'ono, poti anali munthu wopemphera, koma osati kwambiri.

Tsiku la chisankho cha chipulula linafika. Monga mwa mwambo wa chipani, atsogoleri awiriwo anawamanga nsalu kumaso n'kuwaimika pabwalo, ndipo nthumwi zinafola kumbuyo kwa amene zikum'funa. Owerenga anawerenga kasanu, n'kupeza mayankho asanu. Yankho lachisanu linapatsa Dokotala chipambano. Bambo Ndinalipo anang'amba nsalu ya kumaso, n'kulumbira kuti akasuma kukhoti, kuti sadzapatsanso moni wakuba ameneyu mpaka kumanda.

“Mlandu wa kukhoti umatenga zaka zingati?” anafunsa aNazimbiri.

“Wa malire a munda wa malume anga uli m'chaka chachisanu ndi chinayi,” anatero aKetilina.

Tsiku limenelo aNazimbiri anawonjezera kasitomala aliyense tomato mmodzi waulere.

Patangopita masiku anayi, Lachinayi m'mawa, wailesi ya wogulitsa mabatire inaimitsa nyimbo n'kulengeza nkhani yapadera. Bambo Ndinalipo, chifukwa chokonda dziko lawo, avomera kukhala wachiwiri kwa Dokotala Nthawiyanga. Awiriwo akumbatirana pamaso pa Mfumu, ndipo Bambo Ndinalipo agwetsa misozi, akuti Dokotala anali ngati mwana wawo kuyambira kale. Agwirizana kugawana zonse mofanana: maunduna, magalimoto, maofesi a kazembe, ndi china chilichonse chimene chinali pa mkangano, kapena kuti pa kukambirana.

Msika wonse unayang'ana benchi loyamba la pageti, kenako aliyense anayang'ana kumbali.

Sanachedwe. Dzuwa lisanatenthe anafika Bambo Zonsenzabwino, amayi okhulupirika awiri aja atagwirana manja, ndi kalipentala wachikulire, Bambo Jailosi, atanyamula sowo. Mlembi anawerenga lipoti la komiti, lomwe linali la mzere umodzi: mwa mzimu wa umodzi, benchi ligawidwe pakati.

ANazimbiri sanatsutse. Anatola matimati awo mmodzimmodzi n'kuwaika m'beseni, okhwima pansi, ofewa pamwamba.

“Pepani mayi,” anatero Bambo Jailosi motsitsa mawu, akuyeza thabwa ndi tepi. “Benchili ndinakukhomerani ndine. Mlombwa weniweni uwu, ukanakhala zaka zina makumi awiri.”

“Dulani, achimwene. Mukakana adzadula ndi nkhwangwa.”

Sowo inalira kwa nthawi yaitali, poti thabwalo linali lolimbadi. ANazimbiri anaonerera utuchi ukugwera pamalo pamene mapazi awo anakumba timaenje tiwiri m'zaka zonsezo, ndipo mtima unawawawa kwambiri. Thabwa litaduka, theka lililonse linatsala ndi miyendo iwiri. Linapendama n'kugwa, lina uku, lina uko. Amayi okhulupirikawo anathamangira kudzutsa aliyense lake, n'kuima atalichirikiza ndi bondo, akuyang'ana mlembi kuti awauze chochita.

“Za miyendo komiti iona,” anatero Bambo Zonsenzabwino.

Kenako anatembenukira kwa aNazimbiri ndi nkhope yowala, ngati munthu wobweretsa uthenga wabwino.

“Mayi, zakale zapita. Chipani chakukhululukirani. Loweruka kuli chikondwerero cha umodzi ku Bwalo la Chimvano, ndipo atsogoleri onse awiri apempha kuti nyimbo mudzatsogolere ndinu. Tayesa ena, mawu awo safika kumapeto kwa bwalo.”

AKetilina anawathandiza kusenza beseni. ANazimbiri anadzuka pang'onopang'ono, maondo akulira, n'kulikhazika bwino pankhata.

“Loweruka ndidzakhala ndili pamsewu, bwana. Kuimba ndidzaimba ndithu, koma nyimbo yake ndi ya matimati. Atsogoleri akafuna kuimva, adzabwere ndi jumbo.”

Anthu a mabenchi oyandikira anaseka chamumtima, ndipo aNazimbiri anatuluka pageti mutu uli chilili, osacheuka. Anayenda mpaka pamphambano, pamene panalibe wowadziwa. Pamenepo anaima, kupuma, n'kutsegula pakamwa kuti aitane ogula kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo. Mawu anakana kutuluka.